Mchenga wa Kuseri kwa Thanki

A Golden Mbewe ndinagona nawo chipinda chimodzi zaka zitatu, kuno kunja kudziko la m'chipululu, m'nyumba za kampani kufupi ndi Jebel Ali, iwo bedi lapansi, ine lapamwamba. M'chipindamo tinalimo amuna asanu ndi mmodzi, koma Amalawi tinali awiri okha, ndiye chinsinsi pakati pathu panalibe. Ine ndine Chikumbutso, kwathu ku Balaka, ndipo ndimakolopa pasukulu ina ya ana a anthu opeza bwino ku Al Furjan. Iwo anali mlonda wa pageti pasukulu yomweyo. Basi ya kampani inkatitula limodzi sikisi koloko m'mawa, n'kudzatitenga limodzi sikisi madzulo.

Munthuyu ankayenda maso ali pansi. Masiku oyamba ndinkaganiza kuti akusaka ndalama zotaya eni ake, ndipo ndinawauza kuti kuno anthu amalipira ndi khadi, asadzivute. Anaseka, n'kundilozera pansi pa mpanda. "Mphaka wadutsa apa, waikazi, ali ndi bere. Taona mmene miyendo yakumbuyo yatangadzira." Ine ndinayang'ana, ndinangoona fumbi. Patatha milungu itatu tinamva ana amphaka akulira kuseri kwa jenereta, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwaseka pa nkhani za pansi.

Kwawo kunali ku Kasungu, mphepete mwa nkhalango. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anagwira ntchito pa kaloji kena kogona alendo, yolondola mapazi a nyama kuti alendo akaone njovu ndi mphalapala. Kalojiko katatsekedwa analimako fodya zaka ziwiri, fodya anawakana, basi n'kukwera ndege. Anafika kuno ali ndi zaka makumi asanu, bondo lamanzere litayamba kale kuvuta. Lamlungu lililonse ankadetsa tsitsi ndi mankhwala a m'kabokosi, atakhala pa bedi kagalasi kali pabondo, chifukwa kampani yathu siikonda kuwonjezera kontirakiti ya munthu waimvi. Ine ndinkawatchula kuti mnyamata wa Lamlungu. Koma nkhawa yawo inali yeniyeni: kontirakiti inkatha mu Epulo, ana awiri akadali ku sekondale, ndipo kuimirira maola khumi ndi awiri bondo linali litatopa nako.

Madamu Edinah anabwera pasukulupo mu Ogasiti. Anali wa ku Chipata, ndipo aphunzitsi akuda pamalopo analipo iye yekha. Mbiri yake tinkaidziwa tonse ndipo tinkainyadira: anayamba ndi kulera ana m'nyumba ina ku Mirdif, akuwerenga pang'onopang'ono, kenako n'kukhala wothandizira m'kalasi, tsopano anamupatsa kalasi yakeyake ya ana a zaka zisanu ndi zinayi, moyesedwa kwa chaka chimodzi. Tsiku lachiwiri akulowa pageti anawerenga kabaji ka pachifuwa pa a Golden, n'kuima.

"Imwe, ndimwe a Mbewe? Na ine ndine Mbewe! Ndiye kuti ndimwe atate anga."

"Nambewe, mwana wanga, wafika liti kuno osandiuza?" anatero a Golden, ngati amadziwana kuyambira kale.

Kwathu chiwongo si nkhambakamwa. Kuyambira tsikulo iye anali Nambewe, iwo anali atate. Akabwera munthu wochokera ku Lusaka, Edinah ankatitumizira tinsomba ta kapenta mpaka m'chipinda mwathu. Akadwala chimfine, a Golden ankamutumizira mandimu ndi uchi kudzera mwa ine. Ndinkanyamula mosangalala, chifukwa kutali kuno munthu ukapeza m'bale umamva ngati wavula nsapato zothina.

Mu Novembala, kutentha kutayamba kuchepa, Edinah anatuluka madzulo ena maso ali ofiira. Mutu wa temu imeneyo unali wa khalidwe la nyama ndi kaonedwe kake. Iye ankawaonetsa ana makanema a mikango, koma anawo anali ataonera kale abwino kuposa amenewo kunyumba kwawo, ndiye ankangoyasamula n'kumagendana ndi mapepala. Mkulu wa sukulu anakhala nawo m'kalasimo tsiku limenelo, ndipo analemba zambiri m'buku lake osamwetulira.

"Atate, ningachite bwanji? Nyama nizazipeza kuti muno mu simenti? Akanichotsa nibwelela kukachapa matewera."

A Golden anamutenga, ine ndikutsatira ndi tsache langa, mpaka kuseri kwa thanki yamadzi. Kumeneko kunali kamalo komwe omanga anaiwala kuthira simenti, mchenga wokhawokha, kukula kwake ngati mphasa zinayi, ndipo pansi pa mpanda panali kampata kotulukira kuthengo la kuseri. Anandilanda tsache, n'kusesa mchengawo mpaka kusalala, kuwaza timadzi pang'ono, n'kuika chivundikiro cha chidebe pakati chili ndi madzi.

"Mawa ubwere ndi ana ako. Nyama zilemba zokha, iwe ntchito yako n'kuwaphunzitsa kuwerenga."

Mawa lake mchengawo unali utadzaza. Apa njiwa yoyenda zala zitapindikira m'kati, apo buluzi wakoka mchira pakati pa timapazi take, uko mphaka amene amaponda phazi lakumbuyo pomwe paponda lakutsogolo. Ana anagwada mozungulira, mayunifolomu oyera aja ali fumbi lokhalokha, ndipo kunalibe ndi mmodzi yemwe woyasamula.

Ntchito inayamba kuyenda motere. Hafu pasiti faifi madzulo, ana onse atapita, a Golden ankasesa mchenga. M'mawa basi ikangotitula, ankakhoma geti, n'kupita kuseri kwa thanki kwa mphindi khumi, ana asanayambe kufika. Ankaona zomwe zadutsa, n'kuzika timitengo totokosera m'mano pambali pa mapazi oyenera kuwaona. Akabwerera pageti ankajambula mawu pafoni kumufotokozera Edinah kuti kamtengo koyamba ndi chakuti, kachiwiri ndi chakuti, ndipo uwafunse ana funso lakuti. Ikachedwa meseji, iye ndiye ankayamba: "Atate, kwabwela chani lelo? Yalla, fulumilani, niuzeni, belu izalila manje manje." Mawu amenewa ndinkawamva ndi makutu angawa, tsiku ndi tsiku.

M'kalasi a Golden sanalowemo ndi kamodzi komwe, koma zonse zomwe ana ankachita zinkachokera pageti. Mwana aliyense anali ndi kope ndi lula. Ankayeza phazi, kulijambula, kuyeza mtunda wa pakati pa phazi ndi linzake kuti adziwe ngati nyamayo inkayenda kapena kuthawa. Ankakhala chete mphindi zisanu kudikira apumbwa kuti atsike kudzamwa, n'kumawerenga kuti woyamba kumwa ndi uti, wolondera anzake ndi uti. Mukadziwa phokoso la ana a pasukulu imeneyo, mphindi zisanu za chete ndi chozizwitsa chofunika kuchitira umboni kutchalitchi. Malamulo a Golden anali awiri basi. Loyamba, lemba zomwe waona, osati zomwe ukuganiza. Lachiwiri, yang'ana kuti ndani waponda pamwamba pa mnzake, chifukwa wapamwambayo ndiye wabwera pambuyo.

Tsiku lina Edinah anabwera nawo anawo pageti kuti aone munthu amene amazika timitengo. A Golden anakondwa ngati mkwati. Anaponda pa mchenga wa mu ndowa yozimitsira moto, n'kuwafunsa kudzera m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti nyama iyi ndi yotani. Kamtsikana kena kotchedwa Tasha, ka maso akuthwa, kanati chidendene chamanzere chatha mbali imodzi ndipo phazilo limakhukhuluza pang'ono, ndiye kuti nyamayi mwendo umaipweteka. A Golden anawomba m'manja. Kuyambira pamenepo ana anayamba kupeza jombo zomwezo pakona pa mchenga wawo m'mawa uliwonse, ndipo anaziika pa mndandanda wa nyama, pakati pa mphaka ndi buluzi. Edinah anaseka, n'kuwalola.

Mu Januwale kunadutsa nkhandwe ya m'chipululu, ndipo nkhani inamveka sukulu yonse. Makalasi ena anayamba kupempha nawo nthawi ya kuseri kwa thanki. Mkulu wa sukulu uja anabwera yekha, n'kugwada ndi suti yake. Kenako kunamveka zoti chaka chamawa akhazikitsa gulu la ana okonda zachilengedwe, ndipo afuna wothandizira wolembedwa ndi sukulu yeniyeniyo, osati kudzera ku kampani. Edinah anathamangira pageti.

"Atate, iyi nchito ni yanu. Nizalemba kalata ine mwine, nizawauza kuti zonse izi ni imwe. Muzankhala pansi, bondo izapumula. Lekani chabe tipite pa tsiku la makolo, inshallah, Mulungu akalola."

"Bwanji osawauza panopa?" ndinafunsa ine, chifukwa pakamwa panga sipachedwa.

"Iwe Chiku, zinthu zili na nthawi yake."

A Golden anandidzudzula m'basi kuti ndisamakayikire mwana wa eni. Anasiya kufunsira ntchito kwina. Mnzawo wina anawapezera malo ku hotela ina ku Karama, a pakhomo pomwe pali mpando, iwo anakana. Anagula malaya awiri a kolala, n'kuwasunga m'pulasitiki pansi pa matiresi. Ngakhale tsitsi anasiya kudetsa, amvekere mphunzitsi waimvi ndiye amalemekezeka.

Tsiku la makolo linali mu Malichi. Ndinakolopa khonde katatu. Khoma lonse la kalasi ya Edinah linali ndi zojambula za ana, ndipo pakati panali chipepala chachikulu cha mndandanda wa nyama: dzina, masiku omwe yaoneka, ndi zomwe ana apeza. Makolo ankajambula ndi mafoni, Edinah akumwetulira mu diresi yatsopano. Dzina la a Golden ngati mphunzitsi silinalipo paliponse. Linalipo pamzere wachinayi pokha, m'zilembo za mwana: "Jombo za Ankolo Golden. Masiku 62 mwa masiku 62. Zimabwera m'mawa, chifukwa zimaponda pamwamba pa mapazi a mphaka."

Bambo wina wamtali anawerenga mzerewo kawiri. Sanaseke ngati anzake. Anafunsa kuti Golden ndi ndani, atauzidwa kuti ndi mlonda wa pageti, anafunsa funso limodzi lokha: ngati mlonda amakhala kuseri kwa thanki m'mawa uliwonse, pageti pamakhala ndani? Pofika madzulo funsolo linali litazungulira pa gulu la makolo la pafoni, litakula kuposa mmene linachokera. Kamera ya pageti, yomwe miyezi yonseyi palibe ankaiyang'ana, anakaitsegula, ndipo inavomereza zomwe ana analemba.

Mawa lake anawaitanitsa ku ofesi. Munali manijala woyang'anira chitetezo cha sukulu, supavayiza wa kampani yathu, Edinah, ndi a Golden ataimirira chipewa chili m'manja. Ine ndinali kupukuta chitseko chagalasi, ndipo ndikuuzeni kuti chitseko chimenecho sichinayerepo ngati tsiku limenelo. Manijala ananena momveka bwino: ngati mphunzitsi ndiye anapempha mlonda kuti azichoka pageti, ndiye kuti nkhaniyi ndi ya sukulu, aikambirana ndi mphunzitsiyo. Ngati mlonda ankachoka mwa yekha, ndi nkhani ya kampani. Anatembenukira kwa Edinah.

"Madamu, munamutuma ndinu?"

A Golden anamuyang'ana mwana wawo uja ndi nkhope yodekha, ngati akumuuza kuti usaope, nena. Foni inali m'thumba la malaya awo, mameseji onse a miyezi inayi ali momwemo. Edinah anayang'ana patebulo.

"Ayi. Ine ndimangogwiritsa ntchito mchengawo. Zoti amachoka pageti nthawi ya ntchito sindinkadziwa."

"Koma mumamudziwa?"

"Ndimamuona pageti, ngati mmene aliyense amamuonera."

Nsalu inandigwa m'manja. Ndinadikira kuti a Golden atulutse foni. Dzanja lawo linakwera mpaka pathumba, linakhala pamenepo kanthawi, kenako linatsika. Supavayiza atawafunsa ngati ali ndi chonena, anangoti, "Ndinkachoka ndekha, bwana." Supavayiza anati khalas, kutanthauza kuti nkhani yatha. Lachisanu likhala tsiku lomaliza, kontirakiti sawonjezera, tikiti ya ku Lilongwe adzaipeza ku ofesi.

M'basi madzulo amenewo ndinawakalipira ngati si akulu anga. Ndinati atulutse foni, ndipita nayo ndekha kwa mkulu wa sukulu. Ndinati munthu wakukanani pamaso pa anthu ngati galu wa eni, inu mukumuphimbiranji?

"Ndikatulutsa foni achotsedwa ndi iye. Ali ndi ana atatu kwa amayi ake."

"Inu anu ndi miyala?"

Anavula chipewa, n'kuchiika pabondo. Kenako anati, "Sindinafune kumugwira ndi foni ngati wakuba, Chiku. Ndimafuna anene yekha. Akananena kuti ndi bambo anga, ndinawapempha ndine, tonse awiri tikanapepesa, mwina akanatichenjeza chabe. Ndinamupatsa mpata, ndinamuyang'ana." Munthu amene anaimapo pamaso pa njovu yolusa ndinamuona akupukuta maso ndi chipewa cha kampani, ndipo mtima wanga unawawa moti chakudya sindinadye.

Ndikudziwa zomwe ena anganene, ndipo anzathu a ku Zambia a m'nyumba zathu ananena kale: mkaziyo anachita mantha, kuno aliyense wagwira viza yake ndi mano. N'zoona. Inenso mantha ndimawadziwa, ndinaima kuseri kwa galasi osatsegula pakamwa. Koma ine sindinawatchulepo kuti atate. Sindinawalonjeze kalata, sindinawaletse ntchito ya ku Karama ndi mawu okoma. Kukana kuti sunamutume munthu ndi mantha. Kunena kuti umangomuona pageti ngati aliyense, chimenecho ndi china, ndipo mpaka lero sindinachipezere dzina.

Masiku atatu otsalawo Edinah analowera geti lakumbuyo, la magalimoto a aphunzitsi, ngakhale galimoto alibe. Foni ya a Golden sinalire. Iwo ankangoiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Lachinayi madzulo anasesa mchenga komaliza, poti panalibenso choti awalande. Lachisanu m'mawa anandiitana kuti tipite limodzi kuseri kwa thanki.

Panali njiwa, panali buluzi, panali mphaka uja ndi mwana wake mmodzi. Koma pakona yomwe munthu akaima amaona geti osaonedwa, panali mapazi ena, a nsapato yachikazi yosongoka kutsogolo. A Golden anawerama movutikira, dzanja lili pabondo.

"Anabwera dzulo, nditasesa kale, ine ndili pageti. Taona, pobwera amaponda pafupipafupi, ngati munthu wonyamula madzi odzaza. Apa anaima. Anaima nthawi yaitali, zidendene zalowa. Apa anatula chikwama, apa anachinyamulanso. Phazi ili linayamba kuloza kugeti." Analoza ndi chala. "Kenako anatembenuka. Pobwerera watalikitsa miyendo, amathawa."

Kuchokera pamenepo kufika pageti ndi mayadi osakwana makumi atatu. Ndinawerengapo tsiku lina ndi miyendo yanga.

Anazika timitengo tawo pa njiwa, pa buluzi ndi pa mwana wa mphaka, n'kuwongoka. "Sesa pakona apa, Chiku. Jombo zanga ndi nsapato zakezo. Ana asaone." Anatero n'kubwerera pageti, phazi lamanzere likukhukhuluza.

A Golden ndinkawamvera pa zonse, koma tsiku limenelo ndinawamvera theka. Jombo zawo ndinasesa bwinobwino, osasiya ndi kachidendene komwe. Nsapato zija ndinazizungulira ndi tsache mosamala, kuyambira pomwe zinachokera mpaka pomwe zinathawira. Ndinatola kamtengo kamodzi komwe anagwetsa, n'kukazika pambali pa zidendene zolowa zija. Kenako ndinakaima chapafupi, n'kumapukuta mpope womwe sunafune kupukutidwa.

Eyiti koloko ana anafika ndi makope awo, Edinah ali pambuyo. Anagwada monga mwa masiku onse. Woyamba kuona kuti jombo za Ankolo Golden palibe anali Tasha, ndipo anafunsa kuti lero zapita kuti. Edinah anati ayang'ane timitengo, asiye zofunsa zina. Anayang'anadi, kamtengo koyamba, kachiwiri, kachitatu, mpaka anafika pa kachinayi. Anatulutsa malula. Anayeza kutalika kwa nsapato, anayeza mitunda ya pobwera ndi ya pobwerera, n'kumanong'onezana. Mnyamata wina anati nyama iyi inabwera pang'onopang'ono, inaima, kenako china chake chinaiopsa.

"Madamu, ndi mapazi a ndani?" anafunsa Tasha.

"Sindikudziwa," anatero Edinah.

Palibe mwana anamutsutsa. Tasha anayang'ana pa mchenga, n'kuyang'ana kumapazi kwa aphunzitsi ake. Anzake anatsatira, mmodzimmodzi, ana makumi awiri ndi anayi, maso onse pa nsapato zakuda zosongoka kutsogolo, zomwe m'mbali mwake munali mukadali timchenga. Kunali zii, kuposa mphindi zisanu zija za apumbwa. Kenako, monga mmene a Golden anawaphunzitsira, anatsegula makope awo n'kuyamba kulemba zomwe aona.